Mpeni wopinda wa dzanja limodzi: uyeseni potseka

Munthu amene ali pamwamba pa makwerero, dzanja lina lagwira phaso, linya likulendewera kudikira kudulidwa, amadziwa kuwawa kwa mpeni wofuna manja awiri. Msodzi amene ukonde wake wakodwa pa chitsa cha pansi pa madzi, bwato likugwedezeka, amakudziwanso. Chimodzimodzi mlimi amene wapanira mbuzi pakati pa miyendo kuti adule chingwe chimene chaikola m'khosi, kapena mayi amene mkono wina unafooka ndi sitiroko koma akufunabe kumasula okha thumba la ufa. Zikatere ambiri timaika mpeni kukamwa n'kukoka ndi mano. Ndaonapo milomo yong'ambika ndi mano obenthuka chifukwa cha chizolowezi chimenechi, ndipo zimandiwawa, pakuti mipeni yotseguka ndi chala chimodzi inatsika mtengo kalekale, munthu wamba akhoza kuikwanitsa.

Pogula m'pamene ambiri timapusitsidwa. Wogulitsa amatulutsa mpeni wa waliwali, n'kuukankha ndi chala, chitsulo n'kuvumbuluka mwaliwiro, oima pambali n'kumavomereza ndi mitu. Kutsegula n'kosavuta kuonetsa, ndipo ngakhale mpeni wachabechabe umatseguka mokongola tsiku loyamba. Chimene sakuonetsani ndi chimene chimachitika chitsulocho chikatuluka. Kodi chikhala pomwepo mukamakankha pa mphira wolimba, kapena chibwerera n'kukutemani zala? Nanga mukamaliza kudula, dzanja lina likadali pa phaso, mudzautseka bwanji? Mpeni umene mwatsegula ndi dzanja limodzi koma ukukanika kutseka, mumatsika nawo makwerero uli chitsegulire, kapena mumauponya pansi pamene mwina pali mwana. N'chifukwa chake ine ndikafuna kuudziwa mpeni, ndimayambira kotseka.

Ndiyambe ndapereka ulemu kwa Okapi, poti ambiri tinakula tikuuona m'matumba a madala athu. Mpeni umenewu unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo ankaupangira misika ya kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa, m'dera limene lero ndi KwaZulu-Natal. Chitsulo chake n'chomvera: mwala uliwonse wabwino umachigwira. Koma kuti muutseke, chala cha dzanja lina chiyenera kukoka kamphete ka kumsana kaja pamene dzanja linalo likupinda chitsulo. Opinel wa ku France, amene Joseph Opinel anayamba kupanga ku Savoie mu 1890, nayenso ali chimodzimodzi: mumatsegula ndi chikhadabo, n'kupotokola mkombero wapakhosi umene anauwonjezera mu 1955. Ngati ntchito yanu ndi yosenda chinangwa mutakhala pansi pa mtengo wa mango, kapena yosema mpini manja onse ali omasuka, gulani umodzi mwa iwiriyi, ndipo simudzadandaula. Zimene zikutsatirazi ndi za munthu amene dzanja lake lina limakhala lotangwanika, kapena palibe.

Kutsegula

Njira zotsegulira ndi chala zilipo zitatu zodziwika. Yoyamba ndi bowo lozungulira pafupi ndi msana wa chitsulo chodulira. Mumapanikiza mnofu wa chala chachikulu pabowopo n'kukankha mozungulira. Anayambitsa ndi Sal Glesser wa kampani ya Spyderco ku Colorado, mu 1981, pa mpeni womwewo umene anaikaponso kachitsulo kopanira pathumba. Yachiwiri ndi kachitsotso kotuluka m'mbali mwa chitsulo, kamene chala chimakankha. Yachitatu, imene amaitcha flipper, ndi kalilime kotulukira kumsana mpeni ukakhala chitsekere. Mumakakoka ndi chala chamkombaphala ngati mukuzimitsa getsi, chitsulo n'kuuluka chokha.

Ine ndimakonda bowo. Silingamasuke n'kugwa, poti palibe chomangirira. Limagwira chala ngakhale chanyowa ndi mamina a mlamba, ngakhale mwavala magolovesi, ndipo wamanzere ndi wamanja onse amalipeza mofanana. Kachitsotso nakonso n'kabwino, bola kakhale mbali zonse ziwiri, kasakhale kofupikitsa moti chala n'kumatererapo, komanso kasakhale kophatikana ndi chigwiriro. Flipper amakoma pomusewera, koma mipeni yambiri ya mtundu umenewu imayendera timabolo ting'onoting'ono ngati ta mu habu ya njinga, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala kapena mchenga wa kunyanja ukalowamo, mumamva kukhukhuluza. Mpeni woyendera mawashala a mkuwa sutseguka mwachangu choncho, koma umapirira dothi, ndipo kuutsuka n'kosavuta.

Palinso mipeni yokhala ndi kasipuling'i kothandiza kutsegula, ndi ina yongodina batani n'kufwamphuka yokha. Imeneyi isiyeni. Kasipuling'i komwe kamakuthandizani potsegula ndi komwe kamalimbana nanu potseka, ndiye dzanja limodzi limavutika. Pa mipeni yotchipa, kasipuling'iko ndi kamene kamayamba kuthyoka. Ndipo wapolisi akakupezani ndi mpeni wofwamphuka, kumufotokozera kuti ndi wodulira linya kumakhala kovuta.

Loko ndiye mtima wa mpeni

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ndalama zanu zikugula loko. Zina zonse n'zotsatira.

Mtundu wakale ndi loko wakumsana, amene amamutcha lockback, yemwe anatchuka ndi mpeni wa Buck 110 umene unayamba kugulitsidwa mu 1964. Kumsana kwa chigwiriro kumagona kachitsulo kakatali kokhala ndi dzino, ndipo dzinolo limagwera m'kamphako ka kutsinde kwa chitsulo chodulira. Loko ameneyu ndi wolimba, sasankha dzanja, ndipo kufinya chigwiriro mwamphamvu sikum'masula wamba. Vuto lake lili pa nkhani yathu yomweyi. Ngati podina pali kumchira kwenikweni kwa chigwiriro, monga pa Buck 110, simungatseke ndi dzanja limodzi popanda kutsamiritsa msana wa chitsulo pantchafu. Ngati podina pali pakati pa msana, zimatheka, koma pamafunika kuphunzira. Dothi likadzaza m'kamphako kaja, dzino silifika pansi, ndipo loko amaoneka ngati wagwira asanagwire.

Mtundu umene mudzaupeze kwambiri ndi liner lock, umene Michael Walker wa ku America anaukonza mu 1980. M'kati mwa chigwiriro muli kachitsulo kopyapyala kopindikira m'kati. Mpeni ukatseguka, kamalumphira kuseri kwa tsinde la chitsulo n'kuchitchinga ngati mpiringidzo wa chitseko. Potseka mumakakankhira pambali ndi chala chachikulu, n'kuyamba kupinda chitsulo ndi chamkombaphala. Dzanja limodzi limakwanitsa bwino, ndipo zida zake n'zochepa, choncho zoonongeka n'zochepanso. Koma taonani pamene chala chachikulu chaima: panjira yeniyeni yodutsa kuthwa. Muyenera kuchichotsa chitsulo chisanafike. Komanso mipeni yambiri ya loko ameneyu anaipangira dzanja lamanja; wamanzere amachita kukoka kachitsuloko m'malo mokankha.

Mbale wake ndi frame lock, pamene mbali yonse ya chigwiriro chachitsulo ndi imene imapindika n'kutchinga. Anamutchukitsa ndi Chris Reeve, mmisiri wa ku Durban amene anasamukira ku Idaho, pa mpeni umene anaupatsa dzina la Chizulu loti Sebenza, mawu omwe abale athu a ku Lusaka ndi onse amene anakagwirako ntchito ku Joni amawadziwa bwino. Sebenza weniweni ndi wodula kwambiri, si wa nkhani ino. Koma loko wa mtunduwu alipo pa mipeni yotchipa, ndipo ubwino wake ndi woti mukamafinya chigwiriro, m'pamenenso mukumukankhira m'malo mwake. Kuipa kwake, chigwiriro chachitsulo chimalemera ndipo chimaterera.

Kwa munthu amene alidi ndi dzanja limodzi, kapena wamanzere, loko amene ndingamusankhire ndi wopingasa. Kampani ya Benchmade inamutulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti AXIS, ndipo chilolezo chowaletsa ena kupanga chitatha nthawi, makampani ambiri anayamba kumuika pa mipeni yawo ndi dzina loti crossbar lock. Kachitsulo kopingasa kamatulukira mbali zonse ziwiri za chigwiriro. Mumakakokera kumbuyo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kugwedeza dzanja pang'ono, chitsulo n'kubwerera chokha m'chimake. Palibe chala chimene chimadutsa panjira ya kuthwa. Chofooka chake ndi timasipuling'i tiwiri ta waya tobisika m'kati, timene timatha kuthyoka pakapita nthawi, makamaka tikachita dzimbiri kapena mwini wake akamangoseweretsa mpeni tsiku lonse. Kamodzi kakathyoka, kanzake kamagwirizirabe; mukamva kuti kukoka kwapepuka mwadzidzidzi, dziwani kuti nthawi yokonza yakwana.

Muli pamsika, mpeni uli m'manja

Musagule mpeni umene wogulitsa akukana kuutulutsa m'pepala. Upempheni, ndipo musachite manyazi kutenga nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Uli chitsekere, ugwireni kumchira n'kuugwedeza mozondotsa. Chitsulo chisatuluke. Pa liner lock pamakhala kabolo kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira kamene kamagwira chitsulo kuti chisatseguke chokha. Kabolo kameneka kakakhala kofooka, mpeni udzatsegukira m'thumba, ndipo mudzaupeza ndi chala. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa chigwiriro kuti mumve ngati nsonga yabisika yonse. Kenako suzumirani m'kati: chitsulo chigone pakatikati, chisakhudze khoma lililonse.

Tsegulani ndi dzanja limene muzigwiritsa ntchito, osati mmene wakuonetserani wogulitsa. Chitsulo chikafika, khutu limve kulira kumodzi komveka bwino. Tsopano gwirani msana wa chitsulo ndi zala ziwiri, kutali ndi kuthwa, n'kuchigwedezera kumanja ndi kumanzere, kenako m'mwamba ndi pansi. Kugwedera pang'ono kwa m'mbali nthawi zambiri kumatha mukamanga sikuluwu ya pakhosi. Kugwedera kwa m'mwamba ndi pansi ndi matenda a loko, ndipo mankhwala ake kunyumba mulibe. Mpeni umenewo bwezani.

Ngati ndi liner lock, penyani pamene kachitsulo kaja kaima patsinde. Kakangokhudza m'mphepete, kadzaterereka tsiku lina. Kakadutsa mpaka kukagunda khoma la tsidya linalo, ndiye kuti katha kale mpeni usanayambe ntchito, poti kachitsulo kameneka kamasendera tsidya pang'onopang'ono pamene kakuperepeseka. Pabwino ndi pamene makulidwe ake onse alowa kuseri kwa tsinde koma sikanapitirire pakati. Mukatero fumbatani chigwiriro mwamphamvu n'kupotokola dzanja ngati mukusema mtengo wouma, muone ngati mnofu wa chala chanu ukukankha loko. Mipeni ina anaisema mpata waukulu kuti chala chifike msanga pa loko, ndipo mpata womwewo ndi umene umam'masula mwangozi.

Kuyesa komaliza n'kofunika kusamala. Gwirani chigwiriro m'mbali mokha, zala zonse zichoke panjira ya chitsulo, n'kukanikiza msana wa chitsulo pathabwa la benchi, mwamphamvu ndithu koma osamenyetsa. Loko wabwino sasuntha. Zaka zapitazo ndinagula mpeni wokongola pamsika wina osauyesa chonchi. Sabata yachiwiri ndikuboola chigubu chapulasitiki kuti nkhuku zizimweramo, nsonga inakodwa, loko anaphonya, ndipo chipsera chake chili pachala changa mpaka lero.

Pomaliza tsekani ndi dzanja limodzi, pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi. Ngati loko akumata moti chikhadabo chikupweteka, kapena mukuona kuti dzanja lina likufuna kubwera kudzathandiza, mpeniwo si wa ntchito imene mukuufunira. Onaninso ngati unamangidwa ndi masikuluwu kapena unakhomedwa ndi misomali yophwanya mitu. Wa masikuluwu mungathe kuumanga ukakhwepa ndiponso kuumasula pofuna kutsuka.

Zolembedwa pachitsulo

Mawu oti stainless okha sanena zambiri. Supuni nayonso ndi stainless. Opanga amene amanyadira chitsulo chawo amalemba dzina lake pafupi ndi khosi la mpeni. Mayina a zitsulo za ku China ndi osavuta kuwerenga mukadziwa chinsinsi chake. Pa 8Cr13MoV, nambala yoyamba ikunena kaboni, pafupifupi 0.8 peresenti, ndipo 13 akunena chromium, amene amateteza ku dzimbiri. Kaboni ndi amene amalola chitsulo kulimba n'kusunga kuthwa. Choncho 3Cr13, amene ali ndi kaboni pafupifupi 0.3 peresenti, sachita dzimbiri msanga koma amabuntha musanamalize kudula makatoni awiri.

Pa ndalama zochepa, zitsulo zoyenera kufunafuna ndi 8Cr13MoV, AUS-8 wa ku Japan, 420HC, 440C, ndi 14C28N wa ku Sweden, amene kwa ine amaposa anzakewa chifukwa amathwa bwino, sabenthuka wamba, ndipo thukuta silimudya msanga. Masiku ano mipeni yambiri yotchipa ikubwera ndi D2, ndipo ogulitsa amamutamanda kuti amakhalitsa asanabunthe. N'zoona. Koma D2 akabuntha, mwala wakudambo umangoterera pamwamba pake. Amafuna mwala wa dayamondi kapena kuleza mtima kwakukulu. Komanso amachita timadontho ta dzimbiri mukamusiya wonyowa. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amene mpeni wake umakhala m'madzi ndi m'mamba a nsomba, D2 amusiye. Ine kuli bwino mpeni umene ndiziunola Loweruka lililonse kwa mphindi zitatu, kusiyana ndi umene ukabuntha ndisowe nawo kolowera.

Dzina lachitsulo lolembedwa ndi lonjezo chabe. Chitsulo chimodzimodzicho chikhoza kutuluka chabwino kapena chofewa malinga ndi mmene anachiotchera ndi kuchiziziritsa kufakitale, ndipo zimenezo maso saona. N'chifukwa chake dzina la wopanga lili ndi ntchito. Komanso musanyoze mpeni chifukwa walembedwa kuti wachokera ku China. Mzinda wa Yangjiang, m'chigawo cha Guangdong, umapanga mipeni yochuluka zedi, yabwino kwambiri ndi yachinyengo yomwe. Chimene muyenera kuopa ndi mpeni wonyamula dzina la kampani yotchuka koma ukugulitsidwa pamtengo wa mbale ya chipisi. Amene wanama pa dzina wanamanso pa chitsulo ndi pa loko. Kuli bwino mpeni wa dzina losadziwika umene wapambana mayeso a pabenchi aja.

Kukula ndi maonekedwe

Chitsulo chodulira cha masentimita 7 mpaka 9 chimakwanira pafupifupi ntchito zonse zapakhomo. Choposa apo chimalemera m'thumba ndipo chimaopsa anthu. Ntchito imene ikufuna mpeni wautali ndi ya chikwanje. Makulidwe akumsana akhale mamilimita 3 kapena kucheperako pang'ono, ndipo chitsulo chipyapyale mosalala kuchokera kumsana kufika kokuthwa. Mpeni wonenepa umaoneka wamphamvu, koma pa mbatata umang'amba ngati nkhwangwa m'malo modula. Nsonga ikhale yotsikira pang'ono, yokhala ndi mimba yokhota yosendera. Mipeni ya makona, ya mabowo okongoletsa, ya zinjoka zojambula ndi utoto wakuda wosupuka, ndalama zake zinathera pa maonekedwe.

Mano a sowo amene ena amakhala nawo theka la chitsulo amathandiza pa chingwe cha nayiloni chonyowa, choncho msodzi akhoza kuwafuna. Enafe amangotilanda malo abwino kwambiri odulira, apafupi ndi dzanja, ndipo kuwanola pamwala wafulati sikutheka.

Chigwiriro, chimene agogo ankati chaka cha mpeni, chikhale chokhakhala. G10 ndi nayiloni wolimba amene amalemba kuti FRN kapena GFN sizifufuma ndi madzi ndipo siziterera. Mtengo umakongola, koma m'dzinja umamwa chinyezi n'kupana chitsulo. Fumbatani muone ngati zala zinayi zikukwanapo, komanso ngati pali kapotsamira koletsa chala kutsetserekera kokuthwa. Kachitsulo kopanira pathumba musakaone ngati kokongoletsa: kwa munthu wa dzanja limodzi ndi kamene kamachititsa kuti mpeni upezeke pamalo amodzimodzi nthawi zonse, m'malo mofufuza pakati pa makiyi ndi makobidi. Wamanzere aonetsetse kuti pali mabowo osamutsira kachitsuloko mbali inayo. Kabowo ka kumchira mumangepo kachingwe ngati mumagwira ntchito pamadzi kapena padenga.

Mukafuna mayina oti mutume m'bale amene ali ku Joni kapena ku Ulaya, nawa ochepa amene akhala akuyesedwa ndi anthu ambiri kwa zaka. Ontario RAT 1, ndi mng'ono wake RAT 2, ndi ya liner lock, ya kachitsotso mbali zonse, ndipo imapezeka ya AUS-8. Spyderco Tenacious ali ndi bowo, G10 ndi 8Cr13MoV. Kampani yomweyo imapanganso mipeni yotchipirapo ya dzina loti Byrd. Sanrenmu ndi Ganzo ndi makampani a ku China a mitengo yotsika, ndipo Ganzo ali ndi mipeni ingapo ya loko wopingasa. Victorinox ali ndi mipeni ikuluikulu ya bowo, monga umene asilikali a ku Switzerland anayamba kulandira cha m'ma 2008, wokhala ndi sowo ndi zotsegulira zitini. Ndi wolimba zedi, koma kutseka kwake n'kolimbanso chifukwa kumsana kuli sipuling'i, ndiye muuyese kaye. Amene mwamutumayo mumuuze kuti akagule m'sitolo yodziwika ya zida zakutchire, osati m'mbali mwa msewu.

Malamulo ndi maulendo

Mpeni womwewo umene kumudzi ndi chida, kwina ndi mlandu. Ku England ndi ku Wales lamulo la 1988 limalola kuyenda ndi mpeni wopinda pokhapokha ngati kuthwa kwake sikupitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62, ndipo ulibe loko. Wa loko, ngakhale ufupike bwanji, umafuna chifukwa chomveka, monga ntchito. Abale amene ali kumeneko afunefune mipeni yotseguka ndi chala koma yopanda loko, monga Spyderco UK Penknife, imene anaipangira lamulo lomwelo. Ku South Africa lamulo la zida zoopsa la 2013 limayang'ana malo ndi mmene mwapezekera ndi chidacho, ngati zikupereka chikayikiro choti mumafuna kuchita nacho zoipa. Pokwera ndege, kaya pa Kamuzu kaya pa Chileka, mpeni ulowe m'chikwama chachikulu chopita kunsi. Wa m'thumba adzakulandani pachipata. Ndipo kulikonse kumene muli, kumowa, kumpira ndi kumisonkhano ya chipani mpeni uzitsala kunyumba.

Kuusamala

Musapereke mpeni wanu kwa wowotcherera kuti aunole pa galayinda. Mwala wa magetsi uja umatenthetsa kuthwa mpaka kusanduka kwabuluu, ndipo chitsulo chikafika pamenepo chafewa, sichidzasunganso kuthwa. Gulani mwala wa mbali ziwiri m'hadiweya, wokhakhala kwina wosalala kwina. Kupendeka koyenera ndi madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse. Kuti mukupeze, imikani mpeni chilili pamwala, upendeketseni theka, kenako thekanso, n'kutsitsako pang'ono. Amene akuphunzira apake inki ya maka m'mphepete mwa kuthwa: pamene inki yachoka m'pamene mwala ukudya. Nolani mbali imodzi mpaka chala, chikamasisita kuchokera kumsana kupita kokuthwa mbali inayo, chimve kamlomo kokanda kuyambira kukhosi mpaka kunsonga. Tembenuzani muchite chimodzimodzi, kenako pitani kosalala, dzanja likupepuka. Malizani pa lamba wachikopa, mukukokera mpeni chakumsana. Ukamadula pepala la nyuzi osang'amba, wafika. Mwala ukasowa, kunsi kwa kapu yadongo, pamkombero posapakidwa paja, kumadzutsa kuthwa bwinobwino. Wa dzanja limodzi akhomere timatabwa tiwiri pabenchi kuti mwala uzikhala pakati osathawa.

Ulusi wa m'thumba ndi mchenga zimaunjikana pakhosi ndi pa loko. Zichotseni ndi mswachi wakale ndi kamtengo ka machesi, tsukani ndi sopo, umitsani bwino padzuwa, n'kudonthezera dontho limodzi la mafuta a makina osokera pakhosi. Dontho limodzi basi, ndipo lisafike pamene loko amaluma tsinde. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. Ngati mpeniwo mumasendera zipatso, pukutani chitsulo chodulira mafuta a makinawo asakhalepo. Chitsulo cha kaboni ngati cha Okapi chimada chikadula mango kapena mandimu. Kuda kumeneko si litsiro, ndipo kumathandiza kutchinga dzimbiri lofiira, choncho musalimbane nako ndi mchenga.

Masikuluwu a mipeni imeneyi ambiri ndi a mutu wa nyenyezi, a saizi ya T6 ndi T8. Musawakakamize ndi nsonga ya mpeni wina. Okonza mafoni pamsika amakhala ndi zomasulira zake. Sikuluwu ya pakhosi ikamamasuka yokha kawirikawiri, pakani kadontho ka utoto wa zikhadabo pamazinga ake, mangani mpaka kugwedera kuthe koma chitsulo chikuyendabe, n'kuusiya ugone usiku umodzi.

Nsonga zambiri zimathyokera pa zitini za penti ndi pa masikuluwu a mawailesi. Mpeni wopinda, ngakhale loko wake alimbe chotani, uli ndi khosi, ndipo khosi silifuna kupotokoledwa kapena kumenyedwa ndi hamala. Poboola chinthu cholimba, kumbukirani kuti mphamvu yonse ikupita pa loko. Podula, kuthwa kuziyang'ana kutali ndi ntchafu ndi dzanja linalo. Mukadzicheka, panikizani bala ndi nsalu yoyera mpaka magazi aleke, tsukani ndi madzi aukhondo, ndipo ngati ndi lakuya kapena mpeni unali wadothi, pitani kuchipatala akaone za katemera wa kafumbata.

Sabata yoyamba musakwere nawo padenga. Khalani pampando madzulo, ana atagona, muzitsegula ndi kutseka pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu chizolowere kuchoka panjira chisanauzidwe. Yesaninso ndi dzanja lonyowa, ndiponso mutatseka maso, chifukwa mbuzi imakodwa ngakhale usiku. Pouika m'thumba, msana wa chitsulo uzitsamira msoko wakumbuyo wa thumbalo, kuti ngakhale utafuna kutseguka nsalu iuletse, ndipo m'thumba limenelo musamaikemo makiyi kapena foni. Mukavula buluku, mpeni uchoke m'thumba upite pamwamba pa kabati, pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando.